Tikupempha Chidindo pa Mbale Zitatu za Usipa

Doko la kumpoto kwa Ngala,
Dwangwa,
Nkhotakota.

Kwa Bwana Mkulu,
Kampani ya Kalambani Bwino,
Nyumba yamagalasi, chipinda chapamwamba,
Lilongwe.

Wolemekezeka Bwana,

KUTHOKOZA PA UPHUNGU UMENE KAMPANI YANU INAPATSA BAMBO ANGA

Ndasamba kaye m'manja ndisanagwire cholembera, poti si tsiku lililonse pamene mphunzitsi wa masamu wa pa sekondale yoyendera amalembera munthu amene popita ku ofesi amachita kukwera chikepe. Ndikhulupirira muli bwino, inu ndi onse amene amakutsegulirani zitseko. Ife kuno tilipo, tikukalamba monga munatiphunzitsira.

Dzina langa ndine Zahra Yakubu, mwana wa a Yakubu a pa doko lino, omwe m'mabuku anu ndi kasitomala nambala 00417. Ndifulumire kunena kuti kasitomala ndi bambo koma wolipira ndine. K45,000 imene imakupezani pa 28 mwezi uliwonse imachoka pa foni yanga, ndipo apa ndikuyamikireni: simunaiiwalepo ngakhale kamodzi. Malipiro anga akangofika, asanakhale n'komwe pansi kuti apume, anthu anu amakhala atawalonjera kale.

Pepani kuti kalatayi ndaiika poyera. Ku ofesi yanu ya pa Dwangwa ndapitako katatu. Ulendo uliwonse ndimapeza loko ndi kapepala konena kuti abwera posachedwa, ndipo kapepalako kayamba kuyera ndi dzuwa. Nambala yanu ya foni ndiye ili ndi nyimbo yokoma zedi. Ndaimvetsera nthawi yokwanira moti masiku ano ndimaiimba pochapa.

Bambo anga ali ndi zaka 78. Zaka ziwiri zapitazo anadwala sitiroko ndipo mbali yakumanzere inafooka: mwendo amachita kukoka, dzanja siligwira batani la malaya. Mutu uli bwinobwino, pakamwa ndiye pachita kuwonjezera. Ali ndi boti limodzi la injini ndi ukonde wa chilimira. Alovi amapita nazo panyanja kukagwira usipa, iwo amakhala pakhonde n'kumalamula mphepo. Mayi anatisiya kalekale. Ine ndimaphunzitsa ku Ntchisi. Mchimwene wanga Faizal ali ku Joni, kumene amatitumizira malangizo mwezi uliwonse mosaphonya, nthawi zina ndi zithunzi zomwe.

Mungafunse, Bwana, monga amafunsira anthu ophunzira, kuti nanga nkhalamba yofooka mbali imodzi inkakhala bwanji yokha, popanda ndondomeko, popanda fomu, popanda inu. Ndikuchita manyazi kuyankha. Inkakhala bwino.

Pa doko lathu pali chizolowezi chachikale, cha anthu osadziwa zachuma. Boti likakocheza m'mawa, ogula asanayambe kuyeza ndi ndowa zawo, amayamba apatula ndiwo: za alovi, za mwini boti, ndi za okalamba amene afika ndi mbale. Palibe amalemba, palibenso amathokoza mopitirira. Pa boti la bambo mbale zoterozo zinali zitatu. Yoyamba inali ya mayi Safiya, amasiye oyandikana nafe, amene m'mawa uliwonse ankaphikira bambo phala n'kuimirira pomwepo mpaka mapiritsi a kuthamanga kwa magazi atamezedwa, chifukwa bambo ndi katswiri wobisa piritsi kutsaya. Yachiwiri inali ya mayi Dyness, a kwawo ku Usisya koma okalambira konkuno, amene ankatunga madzi pa mjigo, kuwatenthetsa ndi kuchapa zovala. Yachitatu inali ya a Mzomera, amene anasoka maukonde mpaka maso atakana, mkulu wa mpingo kutchalitchi kwawo. Iwowa ankasambitsa bambo ndi kuwaveka mkanjo, ndipo Lachisanu ankawagwira mkono mpaka pakhomo la mzikiti, n'kukhala pansi pa mtengo wa mango kudikira kuti swala ithe. Masana awiriwa ankasewera bawo n'kumanenana kuti wina waba njere.

Usipawo sunali malipiro, ndipo phalalo silinali ntchito. Mukanati muwauze mayi Safiya kuti ndi antchito a bambo, mukanalawa mthiko.

Umbuli umenewu ndi umene kampani yanu inabwera kudzathetsa, ndipo ndaona kuti kukhala chete kungakhale kusayamika. Ndiloleni ndithokoze mwa manambala, poti ndicho chilankhulo chimene inu ndi ine timamvana.

1. Zikomo chifukwa cha msonkhano umene munachititsa mu Juni pa loji ina ku Ngala, wophunzitsa okalamba kukonzekera ukalamba. Ena akuti munachedwa ndi zaka makumi anayi, koma amenewo ndi ansanje. Ndikuyamikira makamaka amene anasankha nthawi: Lachisanu, hafu leveni, m'dera limene theka la oitanidwa ndi Asilamu. Mlangizi wanu, a Tedson, atavala tayi yofiira, anatsegula ndi uthenga wabwino wa chiwongoladzanja, mawu amene Shehe wathu akangowamva amayamba kutsokomola. Itakwana nthawi ya swala mipando inayamba kulira, ndipo m'chipindamo munatsala anthu khumi ndi mmodzi. Bambo anatsala nawo, osati mwa kufuna kwawo: wowagwira mkono, a Mzomera, anali atamva kuti masamusa abwera wani koloko. Choncho swala ya Lachisanu, imene bambo sanaiphonye ngakhale sabata imene anatuluka m'chipatala, anaiphonyera inu. Pobwerera kunyumba anali ndi satifiketi yachidindo yonena kuti aphunzira kukalamba, ndipo tsiku lomwelo anandiimbira foni kuti iwo alembetsa, ine ndizilipira.

2. Zikomo chifukwa cha kabuku kanu kokongola, koonetsa Nyumba ya Mpumulo imene makasitomala anu adzakasungidweko ku Lilongwe. Pachikuto pali okalamba awiri a mano onse, atavala zoyera, akuthamanga pa kapinga popanda chowathamangitsa. Pa tsamba lachitatu galu wamkulu akunyambita nkhalamba kumaso, nkhalambayo ikuseka. Bambo anachiyang'ana nthawi yaitali chithunzicho, kenako anafunsa ngati galuyo ndi wokakamiza kapena munthu angapemphe kuti amuchotsere. Anafunsanso kuti nyanja ili mbali iti. A Tedson anayankha kuti kuli dziwe losambiramo la matailosi. Bambo anafunsa kuti muli nsomba zanji. Musadandaule, kabukuko sikanapite pachabe. Pepala lake ndi lolimba, ndipo mayi Dyness ankakupizira moto wa madzi osamba, masiku amene ankabwera.

3. Zikomo chifukwa cha fomu ya masamba asanu ndi limodzi. Pa funso lakuti "Muli ndi chiyani chimene chidzakusamaleni muukalamba?" bambo anayamba kutchula anthu: Zahra, Safiya, Dyness, Mzomera, ndipo atakhosomola pang'ono anawonjezera Faizal. A Tedson anawaongolera mwaulemu kuti funsolo likufuna katundu, anthu si katundu. Ndiye panalembedwa boti, injini, ukonde ndi wailesi. Mpaka lero ndikudikira kuona wailesiyo ikutenthetsa madzi.

4. Apa ndiye pamene pagona luso la kampani yanu. Patapita sabata, a Tedson anabwera pa doko kudzaona chuma cha kasitomala ndi maso. Anafika m'mawa, nsapato zosongoka zikumira mumchenga, kompyuta ili pachifuwa ngati khanda. Boti linakocheza, ndipo anaona mbale zitatu zikudzazidwa, eni ake n'kumapita osatulutsa ngakhale tambala. Akuti anafunsa kuti risiti ili kuti, ndipo alovi anaseka mpaka wina anakhala pansi m'madzi. A Tedson sanaseke. Anakhala pakhonde, natsegula kompyuta: K2,000 pa mbale, kuchulukitsa ndi mbale zitatu, kuchulukitsa ndi masiku 365, kuchulukitsa ndi zaka khumi. Inatuluka K21,900,000. Mawa lake anabwera nayo yosindikiza papepala. Pamwamba panalembedwa kuti CHUMA CHOTAYIKA, m'munsi mayina atatu, ndipo chidindo chofiirira chinagwa pa nambala penipenipo.

Monga mphunzitsi wa masamu, ndikutsimikiza kuti kuchulukitsako kulibe cholakwa. Akanakhala wa Fomu 2 ndikanawapatsa mamakisi onse. Ndingodandaula pang'ono kuti nyanja yathu sinaphunzire ngati a Tedson, moti sidziwa kuti chaka chili ndi masiku 365. Usipa amaukopa ndi nyali, ndiye mwezi ukawala boti silipita. Mwera ukaomba, monga unaombera tsiku limene anabweretsa pepalalo mpaka kuwaponyera tayi paphewa, boti silipita. Injini ikadwala, petulo akasowa, pa doko pakagwa maliro, boti silipita. Masiku ena limapita n'kubwerako ndi alovi okhaokha, anjala. Koma phala la mayi Safiya silinkayang'ana mwezi, ndipo a Mzomera sanalekepo kusambitsa bambo chifukwa cha mwera. Mbali imeneyo kompyuta sinafunse. Ndikumva kuti mulibe bokosi lake.

Bambo anali asanaonepo nambala yaitali choncho itaima pafupi ndi dzina lawo. Anaiyang'ana ngati munthu amene wauzidwa kuti anali ndi lole, koma anansi anaidya pang'onopang'ono ndi tomato. A Tedson anawalangiza kuti atseke pobowokapo, ndalamazo ziziwonjezera pa ndondomeko ya ukalamba.

5. Zikomo chifukwa uphungu wanu unagwira ntchito msanga, zimene sizichitikachitika m'dziko muno. Lolemba lotsatira bambo analamula kuti ndiwo ndi za opita panyanja basi. Anthu atatu aja anafika ndi mbale zawo monga mwa masiku onse. Mkulu wa alovi, a Hussein, anayang'ana pansi n'kuwauza kuti akaone pepala kunyumba. Bambo, poti ndi munthu wosabisa zinthu, anali atalikhoma pachitseko. A Mzomera ndiwo anawerengera anzawo mokweza, pepala lili pafupi ndi mphuno, dzina ndi dzina.

Panalibe phokoso. Mayi Safiya anati, "Alhamdulillah, ndafika zaka 71 ndisakudziwa kuti ndine wotayitsa chuma. Ndikanafa mbuli." Anatsuka mphika wa phala, nauvundikira, napita. Mayi Dyness anangothokoza m'chilankhulo chakwawo kuti, "Yewo, adada," n'kulunjika pa boti la eni ena, kumene anagula usipa wa K3,000 ndi ndalama yomasula pa nsonga ya chitenje, akuwerenga mokweza kuti doko lonse limve. A Mzomera anavula chipewa, nauza bambo kuti masewera a bawo a dzulo sanathe ndipo amene amapambana ndi iwo, navalanso chipewa, napita. Kuyambira tsiku limenelo palibe mmodzi wa iwo waponda pakhomo pano. Nkhani si usipa, Bwana. Usipa angaupeze pena. Nkhani ndi mayina awo pansi pa mawu aja.

Alovi nawo akung'ung'udza. A Hussein akuti chiyambireni kubweza mbale, nsomba zikulizemba boti lathu n'kumakalowa mu ukonde wa anzathu amene alibe mlangizi. Ine monga munthu wa ku yunivesite sindikhulupirira zoterozo, ndipo ndinawauza kuti ndi mphepo chabe. Anandifunsa ngati mphepoyo imaomba pa boti limodzi. Ndinawayankha kuti nkhaniyi tidzakambirana tsiku lina.

6. Zikomo chifukwa tsopano tikudziwa mtengo weniweni wa chisamaliro, chinthu chimene kale tinkangolandira mwaumbuli. Ndili ku Ntchisi ndinalemba ntchito bambo wina wa pa Dwangwa, a Yahaya, pa K70,000 pamwezi, kudya konkuno. Anagwira masiku asanu ndi anayi. Tsiku loyamba bambo anawauza kuti madzi atentha. Lachiwiri anati azizira. Lachitatu anati a Mzomera amayambira kumsana. Tsiku lomaliza a Yahaya anamva kuti ku minda ya nzimbe akulemba odula, ndipo potsazika anati nzimbe n'zoyabwa koma siziyankha. Madzi tinayamba kugula kwa anjinga, K500 chigubu. Mapiritsi ndinawapeza khumi ndi anayi pansi pa mkeka, atandandalikidwa bwinobwino m'mizere iwiri.

Sukulu zitatsekera ndinabwera ndekha. Phala ndikuphika, akuti ndi lamadzi. Kuchapa ndikuchapa, akuti mkanjo sukuyera ngati kale. Koma kusambitsa, Bwana, kaya kwanu ku nyumba zamagalasi zimatheka, kuno mwana wamkazi sasambitsa bambo ake. Angalole kudikira mpaka Idi. Panopa akuwasambitsa a Hussein akabwera kunyanja, ali otopa, ndipo amawakwecha ngati akutsuka boti. Ku mzikiti bambo apitako kawiri pa kabaza. Ulendo wachiwiri mkanjo unakodwa mu sipoko, ndipo anakalowa pakati pa anzawo ndi mkanjo wofika m'mawondo.

Ndawerengera, poti ndiwo matenda anga. Mwezi wa Julayi boti linapita masiku khumi ndi limodzi, ndiye tinapulumutsa usipa wa K66,000. Mwezi womwewo tinawononga K131,000 pogula zinthu zimene kale zinkabwera zokha ndi moni. Ku yunivesite zoterezi tinkazitchula dzina lina, koma mwina maphunziro asintha.

7. Nditaona choncho ndinati, paja tili ndi ndondomeko. Ndinawapeza a Tedson pa foni yawo ya m'thumba, nambala imene anapatsa bambo mwangozi. Anandilandira mwaulemu, nandikumbutsa ndime 14 ya pangano limene bambo anasaina, ya timalemba tating'ono ngati maso a usipa, yonena kuti chisamaliro chimayamba kasitomala akalipira miyezi 60. Bambo adzakhala ndi zaka 83, Mulungu akalola. Ndinafunsa kuti nanga pakali pano azisamba bwanji. A Tedson anati funso limenelo ndi labwino kwambiri ndipo alipititsa kumtunda. Poti kumtundako ndi inu, Bwana, ndikhulupirira linafika, ndipo mwina ndi limene mwakhalira pampandopo.

Anandilangizanso, popanda malipiro owonjezera, kuti m'nthawi yodikirayi banja lingachite bwino kupempha anansi kuti azithandiza. Ndinawathokoza, mayunitsi akutha. Uphungu umenewo ndi wanzeru zedi, Bwana. Ndi umene tinali nawo.

8. Mwina mukudabwa kuti bwanji osangowauza bambo kuti abwezeretse mbale zitatu zija nkhani ithe. Ndawauza. Ndinaphunzira zachuma zaka zinayi ndi ndalama za boti lomweli. Chaka chimene ndinasankhidwa bambo anagulitsa injini yawo yachiwiri, ndipo ankauza aliyense pa doko kuti penshoni yawo ndi ineyo. Ndiye penshoniyo inakhala pa mkeka, inatenga pepala ndi rula, inalemba masamu onse mwaukhondo, zolowa uku zotuluka uku, n'kuwaonetsa kuti akuluza. Bambo anavala magalasi, anayang'ana pepala langa kutsogolo ndi kumbuyo, nafunsa kuti, "Chidindo chili pati?"

Muwamvetse. Pansi pa bedi lawo pali sutikesi yachitsulo mmene amasunga pepala lililonse lachidindo limene linawapezapo: laisensi ya boti, risiti ya injini ya 1994, khadi la katemera wa ng'ombe imene tinadya ndili ku pulayimale. Kwa iwo mawu a pakamwa amauluka, koma chidindo ndi boma. Ndinawakumbutsa kuti digiri yanga nayonso ili ndi chidindo, ndipo ili m'sutikesi momwemo. Anati, "Chidindo chakocho chikunena kuti unapita kusukulu. Sichikunena kuti ukunena zoona. Cha a Tedson chili pa nambala penipeni." Shehe anabwera kudzawakumbutsa za sadaka, ndipo bambo anawayankha kuti sadaka ya mamiliyoni makumi awiri ndi ya eni masitolo. Faizal anatumiza mawu a mphindi zisanu ndi ziwiri opempha kuti tonse tikhale odekha. Ndiulule kuti ndinaganizapo zobwereka chidindo cha kusukulu kwathu, koma chimakhala m'kabati ya ahedi, ndipo bambo amawerenga mawu ozungulira.

Komatu ndimawaona. Thabwa la bawo lili pakhonde pomwe linasiyidwa, njere zili momwe zinalili tsiku lija, ndipo aletsa aliyense kulisuntha, ngakhale posesa. A Mzomera apeza njira yatsopano yopitira kumsika, yodutsa kuseri kwa mpanda wathu, ngakhale msikawo uli mbali inayo. Akafika pampanda amatsokomola, bambo amatsokomolanso, basi. Mayi Safiya anandiimitsa pa mjigo n'kundifunsa, maso ali kumbali, ngati ndimawayang'ana bambo kutsaya akameza mapiritsi. Mayi Dyness anaona mkanjo uli pachingwe, naima panjira, nanena kwa nkhuku imene inkadutsa kuti anthu ena anaphunzira zambiri koma kukhosi kwa mkanjo sadziwa kuti amatikita. Anthu anayi okalamba akufunana, Bwana, ndipo pakati pawo paima pepala lanu. Bambo sangalichotse pachitseko chifukwa lili ndi chidindo. Atatuwo sangalowe pakhomo pamene lakhomedwa.

Tsono nali pempho langa, ndipo ndikulemba ndili chogwada. Sindikupempha kuti mubweze ndalama, ndikudziwa kuti ndalama zikakwera chikepe sizitsika. Sindikupempha kuti a Tedson achotsedwe ntchito, munthu wochulukitsa bwino choncho ndi wosowa. Ndikupempha pepala limodzi lokha, la mutu wa kampani yanu. Kuti ndisakutopetseni, mawu ake ndakulemberani kale:

"Kampani ya Kalambani Bwino, itaunika mofatsa pamodzi ndi akatswiri ake, ikuloleza a Yakubu kupatsa anzawo usipa. Ikutsimikizanso kuti mayi Safiya, mayi Dyness ndi a Mzomera si chuma chotayika."

Inu mungosaina n'kudinda. Chidindocho chikhale chachikulu kuposa cha a Tedson, ndipo ngati muli nazo ziwiri, dindani zonse. Pepalalo abwere nalo a Tedson eni ake, m'mawa boti likamakocheza. Afunse kaye ngati mwezi ukuwala, angadzavutike ulendo. Aliwerenge mokweza pakhonde pomwe linawerengedwa loyamba lija, azule loyambalo ndi manja awo, kenako anyamule mbale zitatu n'kukazitula makomo atatu. Nane ndiwalangizeko kwaulere: avale nsapato zoti angathe kuthamanga nazo, poti sindikudziwa kuti mayi Safiya adzawalandira ali ndi chiyani m'manja.

Sukulu zikutsegulidwa pakatha masabata awiri. Pepalalo likapanda kufika, sindingabwerere ku Ntchisi n'kusiya bambo akusonkhanitsa mapiritsi pansi pa mkeka. Ndidzalembera akuluakulu anga kuti ntchito ndasiya. Ndikasiya ntchito malipiro adzaima, ndipo pa 28 anthu anu adzagogoda pa foni yanga n'kupeza mulibe munthu. Zimenezi zikundidetsa nkhawa kwambiri, osati chifukwa cha ine koma chifukwa cha inu. Ndaona ndi maso anga zimene zimachitika munthu akataya anthu amene ankamusunga mwakachetechete, ndipo sindingakonde kuti kampani yabwino ngati yanu ikalambe yopanda woisambitsa.

Inunso eni ake, Bwana, tsiku limene chikepe chidzakutsitseni komaliza, mudzabwere kuno. Pa doko lathu sitidikiritsa munthu miyezi 60. Mudzangobwera ndi mbale yanu.

Ndine wanu wolipira mokhulupirika pa 28,

Zahra Yakubu
Mphunzitsi wa masamu, penshoni ya a Yakubu, wopanda chidindo